Mafunso a Owerenga: Othawa Kwawo Amene Anatchuka ndi Kulawa Vinyo

Mwezi uno talandira makalata atatu okhudza nkhani imodzi, ya anyamata a ku Zimbabwe amene anachoka kwawo zinthu zitavuta, n'kukadziwika kunja chifukwa cha luso lozindikira vinyo pongomununkhiza ndi kumulawa. Tayamba ndi kalata ya mayi wa ku Kapata chifukwa nkhawa yake ndi yofunika kuyankhidwa msanga.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mayi wa ana asanu, ndimagulitsa nyemba ndi nsawawa pamsika wa Kapata muno mu Chipata, ndipo ndine wa chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu. Mwana wanga wachiwiri, wa zaka 24, wakhala akugwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Mfuwe kwa zaka zitatu. Atabwera kunyumba nyengo ya mvula ino, pamene alendo amachepa, anandiuza kuti wamva za anyamata anayi othawa kwawo ku Zimbabwe amene anakapikisana ku France pa kulawa vinyo, ndipo tsopano ali ndi makampani awoawo. Akuti naye akufuna kusiya ntchito, atenge ndalama zimene ankasungira malata a nyumba, apite ku Cape Town akayambe monga anayambira anzakewo. Ine tulo sindikuona. Mlongo wanga anatha ndi kachasu ndikuona ndi maso angawa, ndipo ndikuopa kuti mwanayu alowera komweko. Ndikuopanso kuti akupita kudziko la eni opanda mapepala a ntchito. Kodi nkhani ya anyamatawa ndi yoona? Nanga kulawa mowa ingakhale ntchito yoti munthu n'kudyetsera banja? Mayi wodandaula, Kapata, Chipata.

YANKHO: Amayi, nkhaniyo ndi yoona, mwana wanu sanakunamizeni. Anyamatawo ndi Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, onse obadwira ku Zimbabwe, amene anakapeza ntchito m'malo odyera apamwamba a mumzinda wa Cape Town ku South Africa. Mu Okutobala 2017 anaimira dziko lawo ku Burgundy, m'dziko la France, pa mpikisano wa mayiko wolawa vinyo wobisidwa dzina, umene magazini ya La Revue du Vin de France imakonza chaka ndi chaka. Aka kanali koyamba kuti Zimbabwe atumize gulu kumpikisanowo. Pa mayiko 24 amene anapikisana, iwo anakhala pa nambala 23, kuposa Italy yekha, ndipo chikho chinapita ku Sweden. Chaka chotsatira anabwereranso nakhala pa nambala 14. Manambalawa ndawatchula mwadala, chifukwa nkhani ikamayenda pa mafoni imafika kwa achinyamata ngati kuti anyamatawo anangotsika basi n'kunyamula chikho, pamene ulendo woyamba anabwerako ali kumchira, ndipo chimene chinawapatsa ulemu n'chakuti sanagwe mphwayi.

Mumuuze mwana wanu aone bwino njira imene Joseph Dhafana anadutsa, chifukwa m'menemo ndi mmene muli yankho la funso lanu. Iye anachoka ku Zimbabwe mu 2009 pamodzi ndi mkazi wake, pa nthawi imene ndalama ya dzikolo inali itasanduka mapepala chabe, moti boma linafika posindikiza ndalama imodzi yolembedwa madola 100 thiriliyoni. Ku Johannesburg anakagona pa tchalitchi cha Central Methodist, pamene anthu zikwizikwi a ku Zimbabwe ankagona mothithikana m'makonde ndi pa masitepe. Kenako anafika m'katauni ka Riebeek Kasteel, kumene anayamba ndi ntchito ya m'dimba, n'kulowa m'khitchini kutsuka mbale, pambuyo pake n'kukhala woperekera zakudya. Vinyo anamulawa koyamba mu 2010, ali kale munthu wamkulu wapabanja. Kuchokera pa tambula yoyambayo kufika ku France panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri za kuwerenga usiku ataweruka ndi kulemba mayeso, mpaka anakhala mkulu woyang'anira vinyo pa lesitilanti yotchuka ya La Colombe. Ngakhale ndalama za ulendo wa ku France sizinachoke m'matumba mwawo, zinasonkhedwa ndi anthu akufuna kwabwino, mothandizidwa ndi Jancis Robinson, mlembi wotchuka wa nkhani za vinyo wa ku Britain, amene anafalitsa pempho lawo.

Ntchitoyo ilipodi, ndipo mwini wake amatchedwa sommelier. Iye ndi amene amasankha vinyo woti hotela igule, amaonetsetsa kuti mabotolo akusungidwa pozizira bwino ndi popanda dzuwa, amaphunzitsa anzake operekera zakudya, ndipo mlendo akaitanitsa nsomba kapena nyama yowotcha amamulangiza vinyo wogwirizana nayo molingana ndi thumba lake. Gawo lalikulu la tsiku lake limathera pa kuwerengera katundu, kukambirana mitengo ndi ogulitsa ndiponso kunyamula makatoni. Mpikisano ndi chinthu cha tsiku limodzi pa chaka, ndipo sulipira lendi. Anyamata aja akudya lero chifukwa cha ntchito ndi malonda amene dzina labwino linawatsegulira. Nyamudoka, yemwe kwawo ankagwira ntchito m'supamaketi ndipo anadzakhala woyang'anira vinyo pa lesitilanti ya The Test Kitchen, anayambitsa vinyo wake mu 2017 n'kumutcha Kumusha, mawu a Chishona ofanana ndi athu akuti kumudzi. Dhafana anatcha wake Mosi, potengera mathithi a Mosi-oa-Tunya amene ife ndi anzathu a ku Zimbabwe timagawana.

Za mantha anu a uchidakwa, sindikuchepetsani, Amayi, chifukwa amene anaika m'bale wake m'manda chifukwa cha kachasu ali ndi chifukwa chomveka choopera botolo lililonse. Dziko lathu linaletsa tujilijili, timapaketi tija ta mowa waukali, mu 2012 litaona mmene achinyamata ankathera. Koma muyenera kudziwa kuti wolawa vinyo wa ntchito sameza. Patsogolo pake pamakhala kachidebe kolavuliramo, amapsontha pang'ono, amazunguliza m'kamwa, n'kulavula, chifukwa akameza matambula atatu okha mphuno ndi lilime zimafooka ndipo ntchito yathera pomwepo. Ena mwa anyamata a ku Zimbabwe aja anakulira m'mabanja a mapemphero osakhudza mowa, ndipo makolo awo analimbana ndi funso lomwe mukulimbana nalo inuli. Komabe ndikanakhala wabodza ndikanati ngozi palibe. Vinyo ndi mowa ndithu, waukali kuposa mowa wa m'mabotolo umene timauona m'mabala, ndipo munthu amene amagwira mabotolo otsegula usiku uliwonse ali pafupi ndi chiyeso kuposa wogulitsa nsawawa. Inu mwana wanu mumamudziwa. Ngati pa zaka zitatu zimene wakhala pa loji, pamene mowa uli m'manja mwake tsiku ndi tsiku, wakhala akubwera kunyumba ndi ndalama zosunga ndi maso oyera, umenewo ndi umboni wabwino. Ngati munamumvapo kale fungo la mowa m'mawa, ntchito iyi si yake, ndipo mumuuze mosabisa.

Pamene ndikugwirizana nanu kotheratu ndi pa za ulendo wopanda mapepala. Anyamata aja sanasankhe kuchoka kwawo monga munthu amasankhira sukulu, anachoka chifukwa kwawo kunalibe chakudya, ntchito kapena mankhwala. Mwana wanu ali ndi dziko lamtendere, ali ndi chiphaso cha unzika, ndipo ali kale pa sitepe imene Dhafana anaivutikira kuti aifike, yoimirira pambali pa tebulo la mlendo ali ndi botolo m'manja. Akasiya zimenezi n'kulowa mu South Africa ngati mlendo wokacheza, lamulo silimulola kugwira ntchito, ndipo malo odyera apamwamba amene akuwalakalakawo sangamulembe. Akumbukirenso kuti mu Meyi 2008 anthu oposa 60 anaphedwa m'dzikolo pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo ziwawa zotere zabukanso kangapo kuchokera pamenepo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ine ndikanakhala inu ndikanamuuza kuti abwerere ku Mfuwe mvula ikatha, akapemphe abwana ake kuti amuike pa ntchito yosamala vinyo wa pa lojipo, aziwerengera mabotolo ndi kuphunzira chilichonse cholembedwa pa iwo. Maloji a ku South Luangwa amalandira alendo ochokera ku Ulaya ndi ku America amene vinyo amamudziwa, ndipo vinyo wambiri amene amaperekedwa kumeneko ndi wa ku South Africa yemweyo. Maphunziro ovomerezeka alipo. Bungwe la Wine & Spirit Education Trust, lomwe linakhazikitsidwa ku London mu 1969, lili ndi magawo anayi a maphunziro a vinyo, ndipo magawo oyambirira ena amaphunziridwa pa intaneti. Ku South Africa kuli Cape Wine Academy, imene yakhala ikuphunzitsa kuyambira 1979. Gawo la ndalama za malata lingalipire gawo loyamba la maphunzirowo, ndipo eni loji anzeru amathandiza wantchito wotere chifukwa phindu lake limabwerera kwa iwo omwe. Akadzapita ku Cape Town adzapite ndi satifiketi, kalata ya abwana ndi chilolezo cha ntchito m'pasipoti. Mumupemphenso akuonetseni kope lake lolembamo zimene walawa. Wofunadi ntchitoyi amakhala nalo kope lotere, lodzaza ndi mayina a mphesa ndi madera, ndipo mukaliona mtima wanu udzakhala pansi.

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wopuma ntchito. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique ndinaphunzitsako ana a othawa kwawo kufupi ndi msasa wa Ukwimi, ndipo ena mwa iwo anali anzeru kuposa ana onse amene ndinawaphunzitsapo. Mawu akuti othawa kwawo ine ndimawadziwa pa anthu othawa mfuti. Kodi n'koyenera kutchula anyamata a ku Zimbabwe aja ndi dzina limeneli, pamene kwawo kunalibe nkhondo? Nanga mwana wa othawa kwawo amene ali muno m'Zambia lero angafike pamene anafika iwowo? Mphunzitsi wopuma, Petauke.

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu loyamba ndi lomwe akatswiri a malamulo akhala akukangana nalo kwa zaka zambiri. Pangano la United Nations la 1951 limati wothawa kwawo ndi munthu amene ali ndi mantha omveka akuti azunzidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo, dziko, gulu limene alimo kapena maganizo ake a ndale. Njala ndi ulova mulibe m'menemo. Koma mayiko a mu Africa, pa pangano la 1969 la bungwe lawo la nthawiyo la OAU, anakulitsa tanthauzoli kuti likhudzenso munthu amene wakakamizika kuchoka chifukwa cha zochitika zosokoneza kwambiri bata la dziko lake. Zimbabwe wa 2008 anali ndi ziwawa za chisankho, kolera imene inapha anthu oposa 4,000, mashopu opanda katundu ndi zipatala zopanda mankhwala. Anthu ambiri a ku Zimbabwe anapempha chitetezo ku South Africa, kotero kuti m'zaka zimenezo dzikolo linkalandira mapempho otere ochuluka kuposa dziko lina lililonse. Boma la kumeneko linaona ambiri mwa iwo ngati ofuna ntchito, ndipo kuyambira 2010 linayamba kuwapatsa zilolezo zapadera zokhalira ndi kugwira ntchito, zimene mu 2017 zinadzatchedwa Zimbabwe Exemption Permit. Kwa ine, munthu amene wagona pa sitepe ya tchalitchi m'dziko la eni chifukwa kwawo ndalama ya mwezi wathunthu siigulanso buledi wathawa ndithu, kaya ofesi yamulemba dzina lotani.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza kwambiri, chifukwa likutiyang'anitsa pakhomo pathu. Chinthu chimodzi chimene chinathandiza anyamata aja n'chakuti South Africa sasunga othawa kwawo m'misasa. Amakhala pakati pa anthu, m'matauni, ndipo lamulo la 1998 la dzikolo limalola wothawa kwawo wovomerezeka kugwira ntchito ndi kuphunzira. Dhafana anakumana ndi vinyo chifukwa anali ndi mwayi wofika m'dera lolima mphesa ndi kulembedwa ntchito kumeneko. Akanatsekeredwa mumsasa, mphuno yake yomweyo ikanathera osadziwika ndi aliyense.

Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino yolandira alendo ovutika. Malo okhalamo othawa kwawo a Mayukwayukwa anatsegulidwa mu 1966, Meheba mu 1971, Ukwimi wanu uja mu 1987, ndipo Mantapala, m'boma la Nchelenge, mu 2018 kaamba ka othawa ku Congo. Inu mukudziwa kuposa ine kuti a ku Mozambique atapatsidwa minda ku Ukwimi analima mpaka kudzidyetsa okha, asanabwerere kwawo pambuyo pa pangano la mtendere la 1992. Nkhondo ya ku Angola itatha, boma linapereka mwayi woti zikwi za anthu a kumeneko akhazikike muno. Lamulo la othawa kwawo la 2017 linalowa m'malo mwa lija la 1970 ndipo linafewetsa zina. Komabe mpaka pano wothawa kwawo amayembekezeredwa kukhala kumalo amene boma linapatula, amafunika chilolezo kuti atuluke kapena akakhale m'tauni, ndipo kuti alembedwe ntchito pamafunikanso chilolezo china chimene ambiri sangachikwanitse. Choncho mtsikana wa ku Mantapala amene amalankhula Chifalansa, Chiswahili ndi Chibemba, yemwe loji iliyonse ya ku Mfuwe ikanamulandira ndi manja awiri chifukwa cha alendo olankhula Chifalansa, ali ndi zipata zambiri zoti adutse asanagwire thireyi yoyamba. Makolo athu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndikuona kuti malamulo athu a ntchito ayenera kufewetsedwa kuti kalumo kameneko kazigwiritsidwa ntchito. Anthu onga inu, amene munawaphunzitsa ana otere ndipo mukudziwa nzeru zawo, ndinu oyenera kulankhula zimenezi kwa aphungu ndi ku ofesi ya boma yoona za othawa kwawo ya Commissioner for Refugees.

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa zaka 20, ndikuphunzira za mahotela ndi kuphika. Anzanga akuti mpikisano wolawa vinyo ndi wongolota, palibe amene angadziwe dziko limene chakumwa chachokera pongochinunkhiza. M'mabuku athu amalemba kuti vinyo wakuti amanunkhira ngati zipatso zimene ine sindinazionepo chibadwire. Kodi munthu wa ku Katete angaphunzire bwanji zimenezi, makamaka mtsikana? Wophunzira, Katete.

YANKHO: Mwanangu, anzakowo akulakwitsa, ngakhale n'zoona kuti akatswiri nawo amaphonya kawirikawiri. Pa mpikisano uja gulu lililonse limakhala ndi anthu anayi, ndipo limapatsidwa mitundu 12 ya vinyo, woyera ndi wofiira, m'matambula opanda chizindikiro. Pa mphindi zowerengeka ayenera kugwirizana yankho limodzi: mtundu wa mphesa, dziko, dera, wopanga ndi chaka chimene mphesazo zinakololedwa. Yankho lililonse lolondola lili ndi mapointi ake. Amafika pa yankho potsata zizindikiro, monga mmene mlenje amatsatira mapazi a nyama.

Wolawa amayamba wapendeketsa tambula pamwamba pa pepala loyera. Vinyo wofiira akamakalamba amafwifwa m'mbali n'kuoneka ngati njerwa yowotcha, pamene woyera akamakalamba amadera n'kuyandikira mtundu wa uchi. Kenako amazunguliza tambulayo kuti fungo lituluke, n'kulowetsamo mphuno. Mphesa ya Sauvignon Blanc imanunkhira ngati gwafa kapena udzu wongomwetedwa kumene, Shiraz imakumbutsa tsabola wakuda, ndipo Riesling wokhalitsa amakhala ndi kafungo konga ka palafini. Vinyo wosungidwa m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak amatenga fungo la vanila ndi utsi. M'kamwa amayesa zinthu zina. Ngati malovu akutuluka ambiri m'mbali mwa lilime, vinyoyo ndi wowawasa, chizindikiro chakuti mwina mphesazo zinakulira kozizira, pamene za kotentha zimapsa kwambiri, shuga n'kuchuluka, ndipo vinyo wake amakhala waukali wotenthetsa kukhosi. Palinso khambi lija umamva ukadya nthochi yosapsa kapena ukamwa tiyi wowira kwambiri wopanda mkaka, loumitsa nkhama, limene mu vinyo wofiira limachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndipo mitundu ya mphesa imasiyana kuchuluka kwake. Akaphatikiza zonsezi, mayiko ambiri amagwa okha, n'kutsala awiri kapena atatu oti akambirane.

Za zipatso za m'mabuku usade nazo nkhawa. Mabukuwo analembedwa ndi anthu a ku Ulaya, ndipo anatchula zimene zimamera kuseri kwa nyumba zawo. Lilime limamva zinthu zochepa chabe, monga kutsekemera, kuwawasa, kuwawa ndi mchere, ndipo zina zonse ndi ntchito ya mphuno ndi luso lokumbukira fungo, n'chifukwa chake ukadwala chimfine ndiwo zonse zimafanana. Luso limenelo uli nalo kale. Agogo anga aakazi ankangovundukula mtsuko wa thobwa, kununkhiza kamodzi, n'kunena kuti lagona masiku awiri ndiponso kuti chimera chake chinali cha mawere osati cha chimanga, ndipo sankaphonya. Alimi a fodya a kwathu kuno amasankha masamba m'chigafa poyang'ana mtundu, kukhudza ndi kununkhiza. Luso lake ndi lomwelo. Ngati vinyo wina akukukumbutsa masuku akupsa, bwemba, malambe, masau ouma kapena fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, lemba zimenezo m'kope lako, ndipo pambali pake ulembe dzina la m'buku kuti udzakhoze mayeso.

Utsikana si chopinga. Ntsiki Biyela, wa kumudzi ku KwaZulu-Natal, anapita ku yunivesite ya Stellenbosch kukaphunzira kupanga vinyo asanamulawepo n'kamodzi komwe, ndipo anadzakhala mkazi wakuda woyamba kukhala katswiri wopanga vinyo ku South Africa. Kampani yake anaitcha Aslina, dzina la agogo ake amene anamulera. Dziwanso kuti mphuno yophunzitsidwa bwino imafunidwa pa khofi, monga wolimidwa ku Kasama, ndi pa tiyi wogulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe ku Malawi, kotero ngati chikhulupiriro chako kapena makolo ako sakulola mowa, njira siyatsekeka.

Ukhoza kuyamba sabata ino popanda botolo lililonse. Tenga makapu asanu ndi limodzi, uikemo gwafa, khoko la ndimu, tsabola wakuda, uchi, masamba a tiyi ndi nsawawa zokazinga, umange nsalu kumaso, ndipo mng'ono wako azikupatsa kapu imodziimodzi mosintha dongosolo. Ukayamba kukhoza zonse, usinthe zinthuzo ndi zofanana kwambiri, monga ndimu ndi lalanje, kapena uchi wa m'madera awiri osiyana, ndipo tsiku lililonse uzilemba zimene waphonya.